Kodi ochita short selling ndi amene akugwetsa masheya a makampani ang'onoang'ono a chamba?

Tiyamike:

Akuluakulu, ndithandizeni kumvetsa nkhani iyi. M'magulu a anthu amene anagula masheya a makampani a chamba a ku Canada ndi ku America, mtengo ukangotsika aliyense amaloza chala ochita short selling. Amati iwowa ndi amene akupondereza mtengo, ndipo tsiku limene adzakakamizidwe kugula masheya aja mtengo udzakwera ngati momwe wa kampani ya chamba ya Tilray unakwerera mu 2018. Kwenikweni munthuyu amachita chiyani kuti apindule mtengo ukatsika? Angathedi kugwetsa kampani yaing'ono imene ikuyenda bwinobwino? Nanga amene ali nawo kale masheyawo aziyang'ana manambala ati?

Chisale:

A Tiyamike, wochita short amagulitsa masheya obwereka. Broker wake, amene amamugulira ndi kumugulitsira masheya pamsika, amamupezera masheyawo kwa ena amene ali nawo, iye n'kuwagulitsa pamsika lero, ali ndi chikhulupiriro choti adzawagula motchipa pa nthawi yobweza. Tinene kuti wabwereka masheya 1,000 n'kuwagulitsa pa $4 iliyonse. Walandira $4,000. Mtengo ukatsika kufika pa $2.50, amawagula ndi $2,500, kuwabweza kwa mwini wake, n'kutsala ndi $1,500. Koma mtengo ukakwera kufika pa $12, kuwagula kumamudyera $12,000, ndiye kuti waluza $8,000, kuwirikiza kawiri ndalama zimene analandira poyamba. Wogula masheya sangaluze zoposa zimene anaikamo. Wochita short alibe malire otero, chifukwa mtengo ulibe pomwe umalekezera kukwera.

Kubwereka sikwaulere. Pamakhala chiwongola dzanja chowerengedwa tsiku ndi tsiku, ndipo chimasintha malinga ndi kuchuluka kwa masheya obwerekeka. Pa kampani yaikulu imene masheya ake ali ponseponse, chimakhala chosakwana 1 peresenti pachaka. Pa kampani yaing'ono ya chamba chingafike pa 60 peresenti kapena kupyola. Pa $4,000 ija, 60 peresenti ndi pafupifupi $200 mwezi uliwonse. Mtengo ukangoima malo amodzi kwa miyezi isanu ndi umodzi, munthu uja wataya kale $1,200. Komanso mwini masheya angawaitanitse nthawi ina iliyonse, ndipo broker akapanda kupeza ena obwereka, amamugulira wochita short uja pa mtengo umene ulipo, osamufunsa.

Palinso chikole, ndipo anthu ambiri sachiwerengera. Ku America, potsegula short akaunti imayenera kukhala ndi 150 peresenti ya mtengo wa masheyawo, kuphatikizapo ndalama zimene zalowa powagulitsa. Pa masheya osakwana $5, lamulo la FINRA, bungwe loyang'anira ma broker ku America, limafuna chikole cha $2.50 pa sheya iliyonse kapena mtengo wonse wa sheyayo, kutengera chimene chakula. Choncho munthu wofuna kuchita short masheya 10,000 a masenti 40, amene onse pamodzi ndi $4,000 chabe, ayenera kumangirira $25,000. Ngakhale kampaniyo itafa n'kufika pa ziro, phindu lake silingapyole $4,000. N'chifukwa chake munthu wamba sachita short pa masheya a masenti. Mukaona short pa masheya otere, kawirikawiri ndi mabungwe a ndalama amene ali ndi chifukwa china chochitira zimenezo.

Za Tilray muzimvetse bwino musanayembekezere kuti zibwereranso. Kampaniyi inalowa pa msika wa masheya wa Nasdaq ku America mu July 2018 pa $17, ndipo inagulitsa masheya pafupifupi 9 miliyoni okha. Masheya opitirira magawo atatu mwa anayi anali m'manja mwa Privateer Holdings, imene inali yoletsedwa kugulitsa mpaka January 2019. Mu August, kampani ya mowa ya Constellation Brands inalengeza kuti ikuika madola a ku Canada 5 biliyoni mu kampani ina ya chamba ya Canopy Growth, ndipo Canada inali itatsala pang'ono kuloleza chamba pa 17 October. Ogula anali ambirimbiri, masheya ogulika ochepa, obwerekeka ochepetsetsa, chiwongola dzanja chobwerekera n'kufika pa mazanamazana a peresenti. Pa 19 September mtengo unagunda $300, malonda anaimitsidwa kasanu tsiku lomwelo, n'kutsekera cha pa $214. Chaka chimatha uli cha pa $70, ndipo mu March 2020 unali pansi pa $3. Ochita short amene anafulumira kulowa anapsa kwambiri, koma anapsanso onse amene anagula pamwamba n'kusunga. Kampani imene ili ndi masheya 500 miliyoni pamsika ndipo ikusindikizabe ena siingachite za Tilray, chifukwa chimene chinayatsa motowo chinali kusowa kwa masheya.

Nabanda:

A Chisale afotokoza bwino kayendedwe kake. Ine ndiyankhe funso lachiwiri lija, chifukwa ndi pamene anthu amataya ndalama zambiri akuyang'ana kolakwika.

Kampani imene ikupeza ndalama zokwanira kuyendetsera ntchito zake siigwa chifukwa cha short. Mtengo wa sheya ukatsika, mbewu zake zimakulabe, masitolo ake amagulitsabe, antchito amalandirabe malipiro. Ikhoza ngakhale kugula masheya ake omwe motchipa. Vuto la makampani ang'onoang'ono a chamba ndi loti ambiri amawononga ndalama zoposa zimene amapeza, ndipo kolowera kwawo n'kochepa. Ku America chamba n'choletsedwabe m'malamulo a boma lalikulu ngakhale maboma ambiri a m'zigawo anachiloleza, motero mabanki akuluakulu amazemba kukongoza makampaniwa, ndipo amene amawakongoza kawirikawiri amafuna chiwongola dzanja chopitirira 10 peresenti. Kwa zaka zambiri gawo 280E la malamulo a msonkho lakhala likuwaletsa kuchotsera ndalama za lendi ya sitolo, malipiro a ogulitsa ndi zotsatsa malonda powerengera msonkho, kotero kampani yoluza imapezeka ikulipira msonkho ngati yapindula. Ku Canada vuto linali lina. Analima chamba chochuluka kuposa chimene msika ukanagula, mitengo inagwa, koma msonkho unakhalabe dola imodzi pa galamu kapena 10 peresenti, kutengera chimene chakula. Kampani yotere ikafuna ndalama imagulitsa masheya atsopano, ndipo apa m'pamene mtengo wa sheya umasanduka nkhani ya moyo ndi imfa.

Tiyerekeze kampani ya masheya 100 miliyoni imene ikufuna $10 miliyoni. Pa $2 isindikiza masheya 5 miliyoni. Pa masenti 50 isindikiza 20 miliyoni kuti ipeze ndalama zomwezo. Amene anali ndi 1 peresenti ya kampaniyo atsala ndi 0.95 peresenti pa njira yoyamba, ndi 0.83 pa yachiwiri. Zikachitika kawiri kapena katatu pachaka, gawo la munthu limatha iye asanagulitse sheya ngakhale imodzi. Ochita short amawerenga mabuku a kampani, amaona kuti ndalama zatsala za miyezi isanu, amadziwa kuti masheya atsopano akubwera pa mtengo wotsitsidwa, ndiye amagulitsiratu. Kugulitsa kwawo kumatsitsa mtengo, inde, ndipo kumachititsa kuti kusindikizako kupweteke kwambiri. Koma chimene chawaitana ndi kusowa kwa ndalama kwa kampaniyo.

Choopsa kwambiri ndi ngongole imene ingasinthidwe kukhala masheya. Ilipo ya mitundu iwiri, ndipo kusiyana kwake n'kwakukulu. Ina imakhala ndi mtengo wosinthira wokhazikika, mwachitsanzo $3 pa sheya. Wokongoza wa mtundu umenewu nthawi zambiri amachita short gawo lina la masheya tsiku lomwe wasaina, pofuna kudziteteza. Ichi n'chifukwa chake short imakwera mwadzidzidzi kampani ikangolengeza ngongole yotere, ndipo sizitanthauza kuti wina akuiwukira. Mtundu winawo mtengo wosinthira umatsatira msika, monga 90 peresenti ya mtengo wotsikitsitsa wa masiku asanu kapena khumi apitawo. Wokongoza akasintha $1 miliyoni mtengo uli pa $1, amalandira masheya pafupifupi 1.1 miliyoni. Mtengo ukakhala pa masenti 50 amalandira 2.2 miliyoni. Kutsika kwa mtengo kumamupindulira. Angagulitse short lero, n'kutseka short yakeyo ndi masheya atsopano amene kampani imupatse, osagula kanthu pamsika. Kugulitsa kwake kumatsitsa mtengo, ulendo wotsatira amalandira masheya ochuluka, n'kugulitsanso. Amene akuyembekeza kuti munthu ameneyu adzakakamizidwa kugula pamsika adzadikira mpaka kalekale, poti masheya obwezera akuwatenga ku kampani komweko, ndipo amene anasaina pangano limenelo ndi akuluakulu a kampaniyo.

Mapeto ake mumawaona pa kuphatikiza masheya, pamene kampani imasandutsa masheya angapo kukhala imodzi kuti mtengo wa sheya ukwere. Nasdaq imachenjeza kampani imene mtengo wake watsekera pansi pa $1 kwa masiku 30 a malonda otsatizana, n'kuipatsa masiku 180 kuti ikonze. Aurora Cannabis inaphatikiza masheya 12 kukhala imodzi mu May 2020, kenako 10 kukhala imodzi mu February 2024. Amene anali ndi masheya 1,200 anatsala ndi 10. Canopy Growth inaphatikiza 10 kukhala imodzi mu December 2023. HEXO inatenga ngongole ya $360 miliyoni yosinthika kukhala masheya mu 2021, inalephera kuisenza, inaphatikiza masheya 14 kukhala imodzi kumapeto kwa 2022, ndipo mu 2023 inagulidwa ndi Tilray.

Chitsanzo cha Sundial ndimachikonda chifukwa chimaonetsa amene amapindula mtengo ukakwera mwadzidzidzi. Kumayambiriro kwa 2020 inali ndi masheya opitirira pang'ono 100 miliyoni ndi ngongole yolemera. Anthu a pa tsamba la intaneti la Reddit atayamba kugula kumayambiriro kwa 2021, kampaniyo inagulitsa masheya atsopano ambirimbiri, mpaka kumapeto kwa 2021 anapitirira 2 biliyoni. Kampani inapulumuka, inatsala ndi ndalama zambiri m'thumba. Amene anagula pa $13 pamene inkalowa pamsika mu 2019 gawo lawo linasungunuka.

Tiyamike:

Zikomo a Chisale ndi mayi Nabanda, zamveka. Nanga zimene amanena zoti ena amagulitsa masheya asanabwereke n'komwe? Ndiponso malipoti aja amene amatuluka m'mawa, mtengo n'kugwa tsiku lomwelo, si chinyengo chimenecho?

Mbewe:

Mayi Nabanda anena zoona, koma ndisiyane nawo pang'ono pa chinthu chimodzi. Pa kampani yaing'ono short ingathe kuvulaza ngakhale ntchito ikuyenda bwino, malinga ngati yagwera pa nthawi yolakwika. Masheya a makampani a ku America amene amalima kapena kugulitsa chamba chenichenicho kawirikawiri salowa pa misika ikuluikulu ya NYSE kapena Nasdaq. Ambiri ali pa Canadian Securities Exchange ndi pa msika wa OTC, wa masheya amene sali pa misika ikuluikulu, kumene mabungwe akuluakulu ambiri saloledwa kugula. Ogula amakhala ochepa, ndipo pakati pa mtengo wogulira ndi wogulitsira pamakhala mpata waukulu. Kumeneko munthu mmodzi wogulitsa masheya a $200,000 angatsitse mtengo kwambiri m'maola ochepa. Zikachitika kampani ikukambirana zogulitsa masheya atsopano, imasaina pa mtengo woipa, ndipo chilonda chimenecho sichipola ngakhale mtengo utabwerera. Ku America Rule 105 imaletsa munthu amene wachita short m'masiku asanu a malonda mtengo wa masheya atsopano usanakhazikitsidwe kugula nawo masheya atsopanowo. Lamuloli lilipo chifukwa mchitidwewu ndi weniweni.

Kugulitsa osabwereka, kumene amati naked short, kuli ndi malamulo ake. Ku America Regulation SHO, imene inayamba kugwira ntchito mu 2005, imafuna kuti broker atsimikize kaye kuti masheya obwereka apezeka asanalole short. Kuyambira May 2024 masheya amaperekedwa tsiku lotsatira malonda, ndipo wochita short akalephera kupereka, broker wake ayenera kugula kapena kubwereka msika usanatseguke tsiku lotsatira. Kulephera kukafika masheya 10,000 komanso theka la 1 peresenti ya masheya onse kwa masiku asanu otsatizana, kampaniyo imalembedwa pa threshold list, imene msika uliwonse umaionetsa poyera. Sheya ikagwa ndi 10 peresenti tsiku limodzi, Rule 201 imaletsa kuchita short pa mtengo wa wogula kapena pansi pake kwa tsiku limenelo ndi lotsatira. Ku Canada malamulo ndi ofewerapo. Sipafunika kubwereka kaye, chimene chimafunika ndi chiyembekezo chomveka choti masheya aperekedwa pa tsiku lake, ndipo lamulo loletsa short mtengo ukutsika linachotsedwa mu 2012. Madandaulo a makampani ang'onoang'ono a ku Canada pa nkhaniyi ali ndi maziko. Komabe mkulu wa kampani akamalankhula kwambiri za naked short pamene kampani yake siili pa threshold list ndipo ikusindikiza masheya mwezi ndi mwezi, khulupirirani manambalawo.

Malipoti ali amitundumitundu. Pa 3 December 2018, ochita short a Quintessential Capital Management ndi Hindenburg Research anatulutsa lipoti lonena kuti kampani ya chamba ya ku Canada ya Aphria inagula katundu ku Jamaica, Colombia ndi Argentina pa mtengo wokwera kwambiri, mopindulira anthu oyandikana ndi akuluakulu a kampaniyo. Sheya inagwa ndi pafupifupi 28 peresenti tsiku lomwelo. Mu January 2019 kunalengezedwa kuti mkulu wa kampaniyo, Vic Neufeld, achoka pa udindo. Komiti yapadera imene inafufuza inapeza kuti katunduyo analipodi ndipo mtengo wake unali wovomerezeka, komanso kuti ena mwa akuluakulu a bodi anali ndi mbali mu malondawo imene sanaiulule mokwanira. Ndiye kuti lipotilo linakokomeza pena, koma linavumbula chinthu chenicheni chimene eni masheya sakanachidziwa mwa njira ina. Pa msika umene unali wodzaza ndi otsatsa malonda olipidwa, ochita short anali m'gulu la anthu ochepa amene anali ndi chifukwa chopita kukaona ngati munda umene ukunenedwa ulipodi.

Mbali inayo ilinso ndi umboni wake. Mu June 2024, SEC, bungwe la boma la America loyang'anira msika wa masheya, inagwirizana ndi kampani yoyendetsa ndalama ya Anson Funds kuti kampaniyo ilipire $2.25 miliyoni, pa nkhani yoti sinaulule kuti inkagwira ntchito ndi wolemba malipoti a short n'kumugawira phindu. Malipoti amene ankakambidwawo anali okhudza Namaste Technologies ndi India Globalization Capital mu 2018. Mwezi wotsatira Andrew Left wa Citron Research, amene analembapo za Cronos, Tilray ndi Namaste, anaimbidwa milandu yoti ankalengeza mbali imodzi n'kutseka malonda ake mwachangu mtengo ukangosuntha. Iye anakana milanduyo. Phunziro kwa wosunga masheya n'lakuti wolemba lipoti angakhale atachoka kale pa ola limene inu mukuliwerenga.

Lipoti likatuluka, lekanitsani zimene zingatsimikizike ndi zongoganiza. Dzina la amene anagulitsa katundu, tsiku limene anamugula, mtengo umene anagulira, nambala ya chiphaso cholimira, zonsezi zimapezeka m'zikalata. Kenako werengani yankho la kampani. Yankho labwino limatenga mfundo imodziimodzi n'kuonetsa zikalata. Yankho limene likungonyoza wolemba ndi kuopseza za khoti, osakhudza manambala, likuuzani kuti pali chimene sakufuna kuyankha. Ndipo musamaiwale kuti CannTrust sinagwe chifukwa cha lipoti la short. Mu July 2019 zinadziwika kuti inkalima m'zipinda zopanda chilolezo ku Pelham, Ontario, Health Canada inaimitsa ziphaso zake, ndipo mu March 2020 inapempha chitetezo cha khoti kwa oikongoza.

Chisale:

Funso la manambala latsala, ndiliyankhe mwachindunji. Nambala ya short imene ili ndi tanthauzo ndi short interest, kutanthauza masheya onse amene ali short pa tsiku lowerengera. FINRA ku America ndi CIRO, bungwe lofanana nalo la ku Canada, amaitulutsa kawiri pamwezi, ndipo imafika kwa inu itakalamba ndi sabata kapena kuposerapo. Igaweni ndi masheya amene akuyenda pamsika, osati masheya onse a kampani, chifukwa a eni ake ndi omangidwa ndi pangano sagulika. Kenako gawaninso short interest yomweyo ndi masheya amene amagulitsidwa pa tsiku. Masheya 6 miliyoni a short pa msika wa 1.5 miliyoni patsiku ndi masiku anayi ogulira. Ngati sheya ili pa misika iwiri, phatikizani manambala a Canada ndi a America. Nambala ina ija ya tsiku ndi tsiku yotchedwa short volume imasocheretsa anthu ambiri. Ikafika pa 50 peresenti sizitanthauza kuti theka la msika likubetchera kugwa. Makampani amene ntchito yawo ndi kugula ndi kugulitsa masheya tsiku lonse akamagulitsa kwa wogula amalemba malondawo ngati short, n'kugulanso patangopita mphindi zochepa.

Yang'ananinso chiwongola dzanja chobwerekera, chimene ma broker ena amachionetsa. Short yambiri koma chiwongola dzanja chochepa ndiye kuti masheya obwerekeka ndi ambiri, ndipo palibe amene akupanikizika.

Pambuyo pake tsegulani zikalata za kampani pa tsamba la intaneti la SEDAR+ la ku Canada kapena la EDGAR la ku America. Tengani chiwerengero cha masheya cha lero, muchiyerekeze ndi cha chaka chatha ndi cha zaka ziwiri zapitazo. Onjezerani ma warrant ndi ma option, amene amapatsa eni ake ufulu wogula masheya atsopano pa mtengo wokhazikika, komanso masheya amene angatuluke m'ngongole. Tengani ndalama zimene zili m'thumba, muzigawe ndi zimene kampani ikuwononga pa miyezi itatu iliyonse. Ngati zikukwana miyezi yosafika khumi ndi iwiri, masheya atsopano ali m'njira. Pa ngongole iliyonse pezani tsiku lobweza ndi mmene mtengo wosinthira ukuwerengedwera. Mukaona kuti ukuchotsera pa mtengo wa msika wa masiku apitawo, imeneyo ndi ngongole ija mayi Nabanda afotokoza. Fufuzaninso ngati pali at-the-market program, njira imene kampani imagulitsira masheya atsopano pang'onopang'ono pamsika osalengeza tsiku lililonse. Ikakhalapo, kukwera kulikonse kwa mtengo kumakumana ndi wogulitsa amene masheya ake satha.

Nabanda:

Ndiwonjezere za masheya anu enieniwo. Ngati ali mu akaunti ya margin, yogulira masheya ndi ngongole, ndipo muli ndi ngongole kwa broker, pangano limene munasaina limamulola kuwabwereketsa kwa ochita short, ndipo kawirikawiri simulandirapo kanthu. Mu akaunti ya cash, yogulira ndi ndalama zanu zokha, sangawabwereketse pokhapokha mutalowa nokha mu ndondomeko yobwereketsa, imene imakugawirani chiwongola dzanjacho, nthawi zambiri theka. Masheya akakhala obwereketsedwa mumataya ufulu wovota, ndipo zimenezi zimafunika pamene kampani ikupempha chilolezo chowonjezera masheya kapena kuwaphatikiza. Nkhani imene imafala yoti mukaika oda yogulitsa pa mtengo wokwera kwambiri ndiye kuti masheya anu sangabwereketsedwe ndi yabodza.

Musagule masheya otere ndi ngongole. Lipoti limodzi likagwetsa mtengo ndi 30 peresenti, broker amagulitsa masheya anu pansi pomwepo kuti ateteze ndalama zake, ndipo mtengo ukabwerera inu mulibe kanthu. Stop-loss, oda yoti masheya agulitsidwe mtengo ukatsika kufika pamene mwaika, nayonso siiteteza monga anthu amaganizira. Mukaiika pa $1.80 sheya itatsekera pa $2, ndiye lipoti n'kutuluka msika usanatseguke, malonda oyamba angakhale pa $1.30, ndipo masheya anu agulitsidwa pamenepo. Pa masheya amene amagulitsidwa ochepa patsiku gwiritsani ntchito limit order, oda imene mumaikapo malire a mtengo, pogula ndi pogulitsa pomwe, ndipo ikani ndalama zokhazo zimene mungapirire kuziona zitatsika ndi theka pa tsiku limodzi.